Bodza la m'banja limadzera kwa ankhoswe: yankho kwa mlembi wa buku la 1959

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chilomoni, ndipo ndikulemba buku langa loyamba. Ndi nthano yaitali yochitikira mu Blantyre m'zaka za 1958 ndi 1959. Mtsikana wa ku Ndirande akukwatiwa ndi kalaliki wa boma, osati chifukwa cha chikondi koma kuti athawe umphawi. Sakudziwa kuti mwamunayo ndi kazitape wa apolisi, ndipo wamukwatira pofuna kuyandikira mlongo wake wa mtsikanayo, amene ali m'chipani cha Congress, chija chinkalimbana ndi atsamunda. Anzanga awiri amene awerenga akuti nkhaniyo ikukoma koma ikumveka ngati yachizungu yongovekedwa chitenje. Ndakutumizirani mitu itatu yoyambirira. Ndalakwitsa pati? Chinsinsi cha mwamunayo ndichiulule kumapeto kapena koyambirira? Nanga anthu enieni a nthawi imeneyo ndingawatchule?

Yankho: Achemwali, mitu itatu ija ndaiwerenga kawiri, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani kuti dzanja lolembera muli nalo. Paja mtsikana wanu akutsuka mbale kumtsinje wa Nasolo m'mamawa, n'kumasiyanitsa m'matope mapazi a anthu ovala nsapato ndi a anthu oyenda chosavala, ndinaima kaye n'kuwerenganso. Mawu a anzanuwo asakufooketseni, komanso musawataye, chifukwa anena zoona. Chimene chawanunkhira chizungu ndachipeza m'mutu wachiwiri. Kalaliki akumana ndi mtsikana pakhonde la sitolo ku Limbe, acheza kanayi, agwirizana awiriwiri, ndipo tsamba lotsatira tili kale m'tchalitchi, mayi akupukuta misozi pampando wakutsogolo. Ndinabwerera m'mbuyo kufunafuna ankhoswe. Mulibe. Malume mulibe, agogo mulibe, akulu ampingo mulibe, ngakhale mayi wa nyumba yoyandikana woti afunse kuti "kodi mnyamatayu kwawo n'kuti?" mulibe. Mu Ndirande wa 1958 zoterezi anthu akanati n'kulowana chabe, ndipo m'busa sakanadalitsa.

Nthano za ukwati wotsata phindu zimene ambirife tinakula tikuwerenga zinamera panthaka ina. Kumeneko malo ndi nyumba zinkagwera mwana wamwamuna, ndipo mtsikana wopanda mwamuna analibe pogwira, n'chifukwa chake ukwati wake unali ngati kugulitsidwa kamodzi n'kamodzi. Kuno kwa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe zinthu zinaima mwina. Mwana ndi wa kuchikazi, munda umachokera kwa mayi, ndipo amene amasamuka kukakhala chikamwini ndi mwamuna. M'midzi ya mafumu Kapeni, Machinjiri ndi Somba, momwe munkachokera anthu ambiri olawirira kukagwira ntchito ku Kabula, banja likatha wonyamula mkeka wake anali bambo. Mtsikana wanu angasauke bwanji, ali ndi kwawo, ali ndi mbumba, ali ndi munthu womuyankhulira pabwalo. Inu mwamulemba ngati mwana wamasiye wogwa kuchokera kumwamba, ndipo owerenga a kuno azindikira msanga kuti ameneyu si mwana wa pamudzi pawo.

Chinanso, kukwatiwa chifukwa choti mwamuna ali pantchito sichinali chinsinsi, sichinalinso chamanyazi. Funso loyamba la makolo linali lomwelo: agwira kuti? Ku Mandala, kunjanji ku Limbe, kufodya, kapena kuboma? Ukwati unkayendera limodzi ndi malo, msonkho ndi chakudya, ndipo aliyense ankadziwa. Ngakhale lamulo la atsamunda linalowerera. M'maesiteti a azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, lamulo la 1928 linapatsa mwini esiteti mphamvu yokana mwamuna wokwatira mwana wa munthu wokhala pamalo ake, ndiye kuti kusankha mkamwini kunkadalira ngati mnyamatayo angalowe thangata. Mtsikana wanu akamadzimva ngati wachimwa chifukwa wakwatiwa ndi malipiro a kalaliki, mwamubwereka mtima wa munthu wa kwina. Anzake a kuchitsime akanamuchitira nsanje basi. Mdima wa buku lanu uli pena.

Uli pa funso ili: munthu wabodza anadutsa bwanji pa ankhoswe? Mwambo wathu unapangidwa kuti utchinge ndendende chinyengo chimene mukulembachi. Mnyamata akafunsira mbeta, sizinkathera pa chikole chimene wapatsa mtsikana. Amalume a mbali zonse ankakumana, ankafufuza mtundu, ankafunsa ngati sanasiye mkazi kwina, ndipo nkhoswe ankadziika yekha pachikole: banjali likavuta mudzandipeza pakuti. Ku mpingo nako, ku Blantyre Mission ndi mipingo yake yozungulira, ukwati unkalengezedwa masabata angapo kuti wodziwa choletsa anene, ndipo akulu ampingo sankachita manyazi kufunsa. Tsono kazitape wanu sanganame yekha. Afunika munthu womuimira. Apa m'pamene tauni inang'amba mpanda. Blantyre ndi Limbe, zimene zinaphatikizidwa kukhala tauni imodzi mu 1956, zinali zodzaza ndi amuna ochokera kutali: kumpoto, ku Ntcheu, kutsidya kwa Apwitikizi, ndi ena obwerera ku Joni ndi ku Salisbury. Munthu wotere kwawo n'kutali, ulendo wa masiku, ndiye ankabwereka nkhoswe, mnzake wa kuntchito kapena mkulu wina woyankhula chiyankhulo cha kwawo. Nkhoswe wobwereka ndiye khomo lolowera bodza lanu.

Taonani m'mene zingakhalire. Anthu akhala pamkeka kuseri kwa nyumba, tambala wamangidwa miyendo pambali. Malume a mtsikana afunsa mwaulemu kuti, "Paja mwati mnyamatayu ndi wa m'mudzi mwa yani?" Nkhoswe wobwerekayo atchula dzina la mfumu, koma mnyamata sabata yatha anatchula lina. Malume amva. Agogo aakazi, amene akhala chapatali akusola nthanga, amvanso, ndipo manja awo aima. Malume ayang'ana pansi, akonza kolala ya jekete, n'kunena kuti, "Chabwino, tamva." Jeketelo ndi latsopano. Chiphaso cha msonkho chimene chili m'thumba mwake, cha zaka ziwiri zimene anali asanakhome, analipira ndi kalaliki yemweyo. Palibe wakuwa, palibe wamenya mnzake, koma wowerenga wa kuno afika pamenepa tsitsi lili nyaunyau, chifukwa akudziwa kuti munthu amene anayenera kutchinga ndiye watsegula. Mukamalemba chinkhoswe chimenechi musachikongoletse ngati cha masiku ano cha muholo, cha zokuzira mawu ndi perekaniperekani. Chinali cha anthu ochepa, nkhuku, mawu ndi mboni.

Kuti mumvetse chimene chikukankha mayi a mtsikanayu, bwererani zaka khumi m'mbuyo. Ngati mtsikana wanu ali ndi zaka 20 mu 1959, anali ndi zaka 10 pa njala ya 1949, ndipo njala imeneyo inaluma kwambiri boma la Blantyre lomwe lino, makamaka cha ku Lunzu ndi Lirangwe. Mvula inadula mbewu zili zazing'ono. Amuna ambiri anachoka kukasuma chakudya kumadera ena, ndipo ena sanabwerere, anakakwatira komwe kunali nkhokwe. Amene anali pantchito yolembedwa ankapeza chimanga kudzera kwa mabwana awo, choncho mkazi wa munthu wapantchito ankaphika pamene mnzake, amene mwamuna wake anatchona ku Joni, ankakumba mizu. Wolemba mbiri Megan Vaughan anayenda m'midzi imeneyi n'kulemba nyimbo za pamtondo zimene amayi ankaimba za amuna othawa, ndipo buku lake la 1987 lingakuthandizeni kwambiri.

Agogo anga aakazi anali a kumeneko. Sankakonda kukamba za chaka chimenecho, koma tsiku lina ndikuwathandiza kupeta anandiuza kuti amuna awo oyamba anachoka m'mawa atatenga thumba lopanda kanthu ndi mbale imodzi, nati abwera Loweruka. Agogo anasesa pakhomo Loweruka lililonse mpaka mvula ya chaka chinacho. Chimene chinandikhudza n'chakuti sanawatukwane amuna aja. Anangoti, "Mbale ija inali ya malemu amayi anga." Mayi wa m'buku lanu ndi wa m'badwo umenewo. Akaona kalaliki wolandira pamwezi akufunsira mwana wake, sakuona umbombo, akuona mwana amene sadzadya mizu. Ndipo akamva kanthu kokayikitsa za mkamwiniyo, adzakameza. Mumulembe mwachifundo, chifukwa wowerenga akamukonda mayiyu m'pamene kukhala chete kwake kudzapweteke.

Tsopano mlongo uja. M'mitu yanu akuoneka ngati mnyamata wandale wongodutsa, wobwera kudzakuwa "Kwacha!" n'kutuluka. Mwamuchepetsa. Kwa mkazi wa kuno mlongo ndiye mzati. Iye ndi amene adzakhale mwinimbumba, malume wa ana ake, woyankha mlandu wawo, wowaikira kumbuyo bambo awo akadzachoka. Mwamuna ndi wobwera. Tsono kalaliki akapereka mlamu wake kwa apolisi, sanangopereka munthu wa chipani, wagwetsa denga la ana ake omwe. Ndiponso taganizirani chilamu, kuseka ndi kunyogodolana kuja kumene mwambo umalola pakati pa alamu. Kazitape sangapeze chida chabwino kuposa chimenecho. "Alamu, dzulo usiku munasowatu, kapena mwapeza mbeta ku Soche?" Onse aseka, mnyamata ayankha mosalingalira, ndipo yankho lake m'mawa lili papepala. Lembani macheza otere atatu kapena anayi, okoma ndithu, oti wowerenga aseke nawo kenako adzimvere chisoni kuti anaseka.

Za ntchito ya ukazitape, mbiri yeniyeni ikupatsani zambiri kuposa zimene mungapeke. Dr Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ndipo kuyambira pamenepo misonkhano yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inakula. Kumapeto kwa Januwale 1959 atsogoleri a Congress anachita msonkhano wamseri patchire kufupi ndi Blantyre. Zimene apolisi anamva za msonkhano umenewo zinachokera kwa akazitape, ndipo zinakula mpaka kusanduka nkhani yoti Congress yakonza chiwembu chopha azungu, Amwenye ndi mafumu ogwirizana ndi boma. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo ladzidzidzi pa 3 Malichi 1959. M'bandakucha wa tsikulo apolisi ndi asilikali anagogoda m'makomo, Dr Banda anatengedwa kunyumba kwake ku Limbe n'kuulutsidwa kupita ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo ambiri anatsekeredwa ku Kanjedza, konkuno ku Limbe. Omangidwa onse anapitirira 1,300, ndipo anthu 51 anaphedwa, 20 mwa iwo pa Nkhata Bay. Kenako bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, m'lipoti lake la Julayi 1959, linapeza kuti nkhani za ziwawa zinakambidwadi koma chiwembu chokonzedwa chija panalibe, ndipo linakayikira umboni wa akazitape aja.

Mwaona chimene chili m'menemu? Kazitape amalipidwa akabweretsa nkhani. Sabata imene mlamu wake sananene kanthu, iye afunikabe kubweretsa kanthu. Ndiye amawonjezera. Mnyamata anati "tatopa nawo", papepala palembedwa kuti anati "tiwaphe". Kalaliki wanu akunamiza mkazi wake kunyumba, akunamizanso bwana wake wa Special Branch, nthambi ya apolisi yofufuza zachinsinsi, ndipo mabodza awiriwa akudyetsana. M'mitu yanu mwamupanga chilombo chodziwa zonse, chomwetulira mumdima. Ndikanakonda mumupange munthu wamantha, wangongole, amene mwina apolisi anamugwira ndi kamlandu ka ndalama kuofesi n'kumuuza kuti asankhe pakati pa ndende ndi kuwathandiza. Munthu wotere angathe kumugulira mkazi wake nsalu ndi mtima woona, angathe kudzuka usiku kutonthoza mwana, ndipo m'mawa n'kukapereka dzina. Amene amaopsa ndi ameneyu, chifukwa tonse tinadyapo naye nsima.

Ndafika pafunso lanu lachiwiri. Musasunge chinsinsi mpaka kumapeto. Mukatero mudzakhala ndi masamba 200 a banja wamba ndi masamba 10 odzidzimutsa, ndipo wowerenga akadzidzimuka kamodzi zatha. Muuzeni wowerenga msanga, m'mutu woyamba kapena wachiwiri, kuti aziona mtsikana akuyala mphasa, akuphika, akuseka ndi mlongo wake, iye akudziwa chimene mtsikanayo sakudziwa. Mkaziyo adziwe chapakati pa buku. Ndipo njira yodziwira isakhale kalata yogwa m'thumba la malaya pochapa, imeneyo yatha ntchito. Mwambo wathu uli ndi njira yake yogwirira mwamuna woyenda usiku.

Ndikunena za tsempho, ena amati mdulo. Makolo ankakhulupirira kuti mwana wakhanda ndi wozizira, ndipo bambo akayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzamunyamula, kapena kudya nawo ndiwo zothira mchere, mwanayo amatsemphedwa: amawonda, amatupa masaya ndi mapazi. Tsono taganizani. Kalaliki amatuluka usiku kawiri pasabata kukakumana ndi wapolisi amene amamutuma. Mwana adwala. Agogo ndi anamkungwi sachedwa, aitanitsa ankhoswe, amukhazika pansi mkamwini: ulula kumene umapita, mwana angafe. Ali pakati pa moto ndi madzi. Akanena zoona, anthu a Congress amumaliza usiku womwewo. Ndiye avomera chigololo chimene sanachite. Apeka mkazi wa ku Limbe, apepesa, alipira nkhuku, amwa mankhwala pamodzi ndi mwana. Mkazi wake alira, apirira monga amulangizira akuluakulu, kenako mtima wa nsanje umutuma kukamufunafuna mkazi wa ku Limbe uja. Afunsa kumsika, afunsa kwa ogulitsa makala, atsatira mwamuna wake usiku wina mwana ali kumsana. Mkazi kulibe. Kuli galimoto yozimitsa nyali itaima pansi pa mtengo wa bulugamu. Pobwerera kunyumba akupemphera kuti chikhala anali mkazi. Zimenezi simungazipeze m'buku la kunja, ndipo wowerenga wa ku Bangwe kapena ku Zingwangwa sadzafuna kumasuliridwa.

Musalembe za tsempho monyoza, ngati kuti inu mlembi mukudziwa bwino kuposa agogo aja. Kaya mwanayo akudwala chifukwa chosowa zakudya m'thupi, zimenezo wowerenga adziwa yekha. Anthu a m'bukumo akhulupirire ndi mtima wonse, ndipo kalaliki mwiniyo, wophunzira ku Mission, nayenso usiku azidzifunsa ngati bodza lake silikudya mwana.

Gawo limene ndikuona kuti simunaliganizire, ndipo ndi limene lingapangitse buku lanu kukhala lolemera, ndi la pambuyo pa kudziwa. Inu mukufuna kuthera pa 3 Malichi, apolisi akukoka mlongo uja. Pitirirani. Malawi Congress Party inakhazikitsidwa mu Sepitembala 1959, Orton Chirwa akutsogolera, Dr Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipanicho chinapambana kotheratu. Mphepo inatembenuka. Munthu woganiziridwa kuti ankagwirizana ndi atsamunda ankatchedwa kapirikoni, ndipo dzina limenelo likakumatirira, iwe ndi banja lako munalibe mtendere. Tsono mkazi uja akudziwa. Akaulula, ana ake asanduka ana a kapirikoni, malume ake amene analandira jekete aonekera poyera, mayi ake amene anameza mawu aonekeranso. Akakhala chete, mlongo wake abwera kuchokera ku Kanjedza atawonda, akhala pamkeka, ndipo iye awapatsa madzi osamba m'manja onse awiri, mlongo ndi mwamuna, kuti adye mbale imodzi. Bodza limene anamuchitira tsopano akulisunga yekha, akulisesera pakhomo tsiku ndi tsiku. Paja amati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, koma pano mwini nkuyu waziona nyererezo ndipo akuuphimba ndi manja kuti odutsa asaone. Chimene adzachite pomaliza n'chanu, ine sindikusankhirani. Ndingokupemphani kuti chisakhale chophweka, ndipo kalaliki asafe pangozi ya galimoto kuti akupeputsireni ntchito.

Mwina mufunsa kuti mdima ufike pati. M'mutu wachitatu mwalemba masamba anayi a kalaliki akumenya mkazi wake usiku woyamba. Ndikuona chifukwa chake, mukufuna timude msanga. Koma taganizani, munthu amene akufuna kuti mlamu wake azibwera pakhomo momasuka angayambe ndi kumenya mlongo wake? Mkamwini womenya amaitaniridwa ankhoswe, ndipo kazitape safuna maso a anthu. Akhale mkamwini wabwino kuposa onse m'mudzimo, wofolera nyumba ya apongozi, wogula shuga, wopatsa moni atagwira chipewa. Nkhanza zilembeni pamene mbiri ikuti zinalipo, pa kugogoda kwa m'bandakucha, pa kuwotcha nyumba ndi kulanda katundu m'midzi imene asilikali anadutsamo, pa zimene omangidwa anakumana nazo. Pamenepo musabise. Koma m'nyumba ya awiriwa chida chikhale ulemu.

Anthu enieni mungawatchule, koma akhale chapatali, achite zokhazo zimene mbiri inalemba. Anthu a m'buku lanu angathe kuyenda wapansi kupita ku Chileka kukaona Dr Banda akutsika ndege, angathe kumva mayina a Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza pakamwa pa anzawo, ndipo mtsikana wanu, mwana ali kubere, angathe kumva kuti Rose Chibambo, mtsogoleri wa amayi a Congress, watengedwa kupita kundende ndi khanda lake lobadwa kumene. Zimenezi zinachitika, ndipo mayi aliyense wa nthawiyo akanazimva m'mimba. Chimene simuyenera kuchita ndi kuwaika mawu m'kamwa amene sananene, kapena kuwalowetsa m'chipinda cha nthano yanu. Za kazitape ndiye samalani koposa. Dzina lake, mudzi wake ndi ofesi yake zikhale zopeka kotheratu, zosalozera banja lililonse. Zidzukulu za anthu a nthawi imeneyo zili moyo mu Ndirande momwemo, ndipo mlandu suwola. Dzina la ukapirikoni likagwera banja losalakwa chifukwa cha buku lanu, simudzatha kulichotsa.

Pali tizinthu tina tofunika kukonza. Kalaliki wanu akupereka "makwacha asanu" kwa apongozi, pamene kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971. Nthawi imeneyo anthu ankawerenga mapaundi, mashereni, masikisi ndi matiki. Dziko linali Nyasaland, ndipo chiyankhulo ankachitcha Chinyanja mpaka 1968. M'misika ya Blantyre Chiyao ndi Chilomwe zinkamveka paliponse, ndiye agogo aja akakwiya angathe kubwerera kuchiyankhulo cha kwawo. Chipatala cha Queen Elizabeth chinali chatsopano, chotsegulidwa mu 1958, osati chakale chodzaza chimene mukuchidziwa. Minibasi kunalibe, anthu ankayenda wapansi, panjinga kapena pabasi, ndipo njinga ya kalaliki ingakhale chinthu chimene mudzi wonse ukuchidziwa kulira kwa belu lake, zimene zingamuvutitse pofuna kuzemba usiku. Pitani ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija, kumene kuli laibulale ya Society of Malawi, mukaone zithunzi ndi nyuzipepala zakale. Mukapeza mpata pitaninso ku National Archives ku Zomba. Mukaimenso panja pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomalizidwa mu 1891, n'kudzifunsa ngati mtsikana wa ku Ndirande akanakwatitsidwira m'menemo kapena m'kachalichi kadothi ka kufupi ndi kwawo.

Koposa mapepala, fulumirani kwa agogo amene atsala. Amene anali atsikana mu 1959 lero adutsa zaka 80. Musawafunse za ndale poyamba, adzakuyankhani zimene anazolowera kuyankha pa zaka 30 za chipani chimodzi, pamene khoma linali ndi makutu. Afunseni amene anali nkhoswe wawo, chimene anapatsidwa pa chikole, amene ankawathirira mchere m'ndiwo masiku amene iwo sankaloledwa, ndi kumene amuna awo ankati akupita akamatuluka madzulo. Tengani shuga ndi sopo, khalani pansi, musatulutse foni msanga.

Mitu itatu imene mwanditumizira musaing'ambe. Woyamba usiyeni m'mene ulili. Wachiwiri ulembeninso kuyambira pachiyambi, muyambire pa tsiku limene malume akulandira uthenga woti kwabwera alendo ofunsira mbeta, ndipo mukamaliza munditumizirenso. Ndikufuna kudzaona chimene manja a agogo aja akuchita pamene nkhoswe wobwereka akuphonya dzina la mfumu.